Tsabola Wakale Amawawabe: Tikambe za Amayi Athu ndi Zakuchipinda

Awa ndi mawu omwe mmodzi wa ife analankhula pa macheza a asungwana ku Chimwankhunda. Tawaika pano kuti nanunso amene simunabwere muwerenge, mukatha mutumizire anzanu.

Zikomo kwambiri azichemwali anga, komanso amayi ochepa amene mwakhala kumbuyoko. Ndakuonani, ndipo musathawe, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu ndithu. Amene mwachokera ku Zingwangwa, ku Chilobwe, ku Soche, ngakhale inu mwakwera maminibasi awiri kuchokera ku Ndirande ndi ku Bangwe, takulandirani kuno ku Chimwankhunda.

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano anayamba waganizapo kuti amayi ake, kaya agogo ake, nawonso amakhala ndi chilakolako? Taonani mmene mwagwetsera nkhope. Ena mwagwira pakamwa, ena mukuti "iii, asisi, zimenezo ayi". Manyazi amenewa ndi amene ndabwera kuti tikambirane.

Ife timadziwa kukuwa kuti thupi langa ndi langa. Tinasindikiza mawuwa pamatisheti, timawaika pa status. Koma tikamawanena, m'maganizo mwathu mumabwera mtsikana wa zaka 19 kapena 25. Mayi wa zaka 58 wogulitsa tomato pamsika, wa Mvano uja, wa Dorika uja, sabweramo. Iyeyo timamuona ngati wophika, wolera zidzukulu, wogona kumaliro. Zoti ali ndi thupi lomwe limafuna, limamva kuwawa, limatha kutenga matenda, tinazifufuta. Timati tsabola wakale sawawa. Ine ndikuti amene anapeka mwambi umenewu sanalawe.

Kufufutako kuli m'mapepala a boma momwe. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita, monga wa 2015-16 uja, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49. Abambo amawafunsa mpaka zaka 54. Chifukwa chake nchakuti mafunsowo anawakonza poganizira za kubereka. Ndiye mayi akangokwanitsa zaka 50, kafukufukuyu samufunsanso ngati amagwiritsa ntchito kondomu, ngati mwamuna wake amamukakamiza, kaya ngati akumva kuwawa. Mapulojekiti ambiri a zaumoyo amatsatira manambala omwewo. Chonsecho mayi wa zaka 50 akhoza kukhala ndi moyo zaka zina 20 kapena kuposa. Zaka zonsezo azikhala ngati alibe thupi?

Kumene anthu anayesapo kufunsa, mayankho anadabwitsa ambiri. Ku America, kafukufuku amene anatuluka mu 2007 anafunsa anthu 3,005 a zaka 57 mpaka 85. Mwa anthu 100 aliwonse a zaka 57 mpaka 64, anthu 73 anati amagonanabe. Mwa a zaka 65 mpaka 74 anali 53, ndipo mwa a zaka 75 mpaka 85 anali 26. Koma amayi amene anati anakambapo nkhaniyi ndi dokotala chikwanitsireni zaka 50 anali 22 okha pa 100. Ku England nako anafunsa achikulire 6,879, ndipo anapeza kuti amene ankakhalabe malo amodzi ndi okondedwa awo ankanena kuti moyo ukuwakoma kuposa anzawo. Chomwe ndikufuna muchigwire bwino ndi ichi: kwa amayi, chimene chinkayendera limodzi ndi chisangalalocho kunali kupsompsonana, kugwiranagwirana ndi kusisitana. Kuchuluka kwa maulendo ogonana kunalibe kanthu kwenikweni kwa iwo. Kafukufukuyu sakunena kuti kugonana ndi mankhwala ayi, pakuti munthu wathanzi ndi amenenso amakhala ndi mphamvu zake. Akungotionetsa kuti kufuna kukhudzidwa sikutha ndi imvi.

Mwina wina akuti, "Amenewo ndi azungu." Chabwino, tibwere kwathu. Emily Freeman ndi Ernestina Coast analemba mu 2014 zomwe anapeza pocheza ndi amayi ndi abambo a zaka zoyambira 50 mpaka cha m'ma 90 m'midzi ya ku Balaka. Agogo a ku Balaka ankaona kusangalatsana kwa mwamuna ndi mkazi ngati chinthu chachilengedwe, chopatsidwa ndi Mulungu, ndipo nkhani yonse ankaikamba ngati nkhani ya mphamvu: kuti kumalimbitsa thupi, komanso kuti thupi likafooka kumavuta. Ndiye amanyazi kwambiri si agogo ayi. Ndi ifeyo.

Manyaziwa ali ndi kochokera. Pa chiphunzitso cha makolo, munthu amene akugonana ankatchedwa wotentha, amene sakutero wozizira. Khanda lobadwa kumene linkayenera kugwiridwa ndi ozizira, poopa tsempho. Nchifukwa chake ntchito zambiri za kuchikuta ndi za miyambo zinkapatsidwa kwa amayi okalamba. Unali udindo wolemekezeka, koma unabwera ndi mtengo wake: mudzi wonse unazolowera kuganiza kuti gogo wabwino ndi wozizira. Kunabweranso chikhulupiriro china chimene mpaka lero chimamveka, chakuti mayi amene wasiya kusamba akagona ndi mwamuna amatupa mimba, poti za abambozo zilibenso potulukira. Azichemwali, limeneli ndi bodza. Kusamba sikuchapa m'mimba mwa munthu. Mayi wachikulire akatupa mimba, kumeneko ndi kudwala kofunika kuchipatala msanga, ndipo kuuza mayiyo kuti wadziputira yekha kumangomuchedwetsa.

Tsopano tikambe zomwe zimachitikadi m'thupi, chifukwa ambirife pa bridal shower anatiphunzitsa za mikanda ndi kudikula, koma za kusiya kusamba palibe anatiuzapo.

Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Achipatala amati munthu wasiyadi pakadutsa miyezi 12 osaona kalikonse. Isanakwane nthawi imeneyo, kusamba kumadumphadumpha, ndipo mimba imatha kubwera. Ndiye mayi wa zaka 46 amene akufuna njira yolera asasekedwe pamzere wa kusikelo. Pa nthawiyi mahomoni otchedwa estrogen amachepa m'thupi. Mayi amatha kumva kutentha mwadzidzidzi ngati wayandikira mbaula, kutuluka thukuta usiku, kusowa tulo, kupsa mtima msanga. Ife tikaona zimenezi timati masteni ayamba kuvuta. Khungu la kumaliseche nalo limapyapyala ndipo limauma, moti kukhala malo amodzi ndi abambo kumawawa, nthawi zina mpaka kuchekeka. Amayi ambiri amaleka zakuchipinda chifukwa cha ululu umenewu, chikondi chilipobe.

Chomvetsa chisoni nchakuti vuto limeneli lili ndi thandizo losavuta. Mu mafamase a mu Limbe ndi m'tauni amagulitsa lubricant, mafuta oterera opangidwa ndi madzi, opangidwira ntchito imeneyi. Vaseline ndi mafuta ophikira ayi, chifukwa zimaboola kondomu. Zitsamba zoumitsa zija ndiye zoopsa kwambiri pa msinkhu umenewu, zimangowonjezera zilonda. Kuuma kukapitirira, alipo mankhwala opaka amene dokotala angalembe. Ndipo thupi likakula limafuna nthawi. Kuthamanga kwa paunyamata kuja sikugwiranso ntchito, abambo ayenera kuuzidwa zimenezi.

Abambo nawo zimawapeza. Kufooka kwa mphamvu zachimuna nthawi zambiri kumabwera ndi shuga, BP, fodya, mowa, kapena mankhwala ena amene akumwa. Kumathanso kukhala chizindikiro choyamba chakuti mitsempha ya magazi ndi mtima sizili bwino. Koma m'malo mokayezetsa, madala amathamangira gondolosi, kapena mapilisi a kwa mavenda amene sakudziwa nkomwe kuti muli chiyani. Mapilisi a mtundu wa Viagra akaphatikizana ndi mankhwala ena a mtima amatsitsa BP mwadzidzidzi mpaka munthu kukomoka kapena kufa. Ndipo mlandu umagwera yani? Mkazi. Akuti wakalamba, akuti wamudyetsa mankhwala. Kenako bamboyo amapita kukadziyesa kwa mtsikana wa msinkhu wathu. Mwaona mmene nkhani ya amayi athu ikutipezera ifeyo? Sindikunena kuti chidyamakanda amapangidwa ndi mkazi wake, ayi, uchitsiruwo ndi wake yekha. Ndikunena kuti banja limene silingathe kukamba za shuga ndi kuuma, mavuto ake amatulukira kunja, ndipo matenda amabwerera m'nyumba momwemo.

Apa ndiye tafika pa kachilombo ka HIV. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020-21 anapeza kuti mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, 8.9 pa 100 aliwonse ali ndi kachilomboka: amayi 10.5, abambo 7.1. Mzinda wathu wa Blantyre uli m'gulu la madera amene chiwerengerochi ndi chokwera kwambiri. Ndipo kachilomboka kamapezeka kwambiri mwa anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50 kuposa mwa ife achinyamata. Ganizirani: boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Mayi amene anayamba kumwa ali ndi zaka 30 chaka chimenecho, lero wadutsa 50. Ali moyo, ali wathanzi, mwina mwamuna wake anatsogola, ndipo ali ndi ufulu wokondanso. Ayenera kudziwa kuti munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Ambiri a msinkhu wake uthenga umenewu sunawafike, chifukwa zikwangwani zonse zili ndi nkhope za achinyamata.

Palinso amayi amene alibe kachilombo koma ali pachiopsezo osadziwa. Kwa iwo kondomu inali yolerera, ndiye poti mimba kulibenso, Chishango nchachiyani? Chonsecho khungu lopyapyala lija limachekeka msanga, ndipo HIV, chindoko ndi chinzonono sizifunsa chiphaso cha mzika. Akayamba kuonda, kutsokomola, kutopatopa, aliyense amati ndi ukalamba, ndipo kuyezetsa kumachedwa. Tizipangizo todziyezera wekha HIV m'kamwa tija tinayesedwa koyambirira muno mu Blantyre dziko lonse lisanatizolowere. Kodi tinayamba tatengerapo azakhali athu kamodzi?

China chimene ndikupempha mupite nacho kunyumba lero: mayi amene anasiya kusamba akaonanso magazi, ngakhale kadontho, ngakhale kamodzi kokha atakhala ndi abambo, apite kuchipatala. Kumeneko si kubwerera kuutsikana. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, koma amayi athu anakula kulibe katemera ameneyu. Kutaya magazi, kumva kuwawa pogonana, kutuluka chikazi chonunkha, zonsezi ndi zoyenera kukaonetsa ku Zingwangwa pompa kapena ku Queens, kumene a MSF anayamba kugwira ntchito ya khansa imeneyi limodzi ndi boma mu 2018. Amayi ambiri amafika matenda atafalikira, chifukwa kuti anene za magaziwo ayenera kuvomera kaye kuti amagonabe ndi mwamuna, ndipo ife tinawaphunzitsa kuti zimenezo nzochititsa manyazi.

Tsopano nkhani imene itiwawe pang'ono. Apolisi akulu a matupi a amayi athu ndife ana awo. Bambo wa zaka 65 akaferedwa, pakangotha chaka abale omwe amamufunira mkazi, akuti angafe ndi njala. Mayi wa zaka 55 akangooneka akuyenda ndi bambo wina kuchokera kutchalitchi, gulu la banja la pa WhatsApp limayaka moto. "Amayi akutichititsa manyazi." "Bamboyo akufuna nyumba." Komatu mwambo wathu womwe uli ndi kusudzula, kumene cholinga chake ndi kumasula wamasiye kuti akhoza kukwatiwanso. Makolo anaona patali kuposa ife a madigirife.

Ndipo tinene chilungamo, nthawi zambiri vuto ndi nyumba. Tikuopa kuti cholowa chipita. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limanena kuti kukwatiwanso sikulanda mayi chuma chimene analandira mwamuna wake atamwalira, kupatula malo a m'manja mwa mafumu, amene amapita kwa ana. Lamulo lomweli limanenanso kuti kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Ngati nkhawa ndi nyumba, thandizani amayi kulemba wilu ndi kukonza mapepala a nyumbayo. Kuwaopseza kuti musiya kuwatumizira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba akapitiriza chibwenzicho ndi nkhanza, ngakhale zichokere kwa mwana wowakonda.

Onaninso mmene timagonera m'nyumba zathu za zipinda ziwirizi. Tikapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Joni, ana timawasiya kwa agogo, ndipo mwana amagona pabedi la agogo, agogo aamuna nkusamukira pabalaza. Palibe amene anawafunsa. Tinangoganiza kuti bedilo linasiya kale ntchito.

Koma ndisakusocheretseni. Ufulu umenewu uli ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiri ndi yofunika chimodzimodzi: ufulu wokana. Alipo amayi amene sakufunanso, ndipo ali bwinobwino. Ena anapirira zaka 30 za kukakamizidwa, ndipo kwa iwo kusiya kusamba kunali ngati kumasulidwa. Ameneyo tisamuuze kuti kafukufuku wa ku England akuti azigonana. Mayi wa zaka 60 amene akumva ululu, mwamuna nkumamuumiriza kuti ndinakukwatira, akuchitiridwa nkhanza, ndipo lamulo loteteza nkhanza za m'banja la 2006 limamuteteza monga limatetezera iwe ndi ine. Wamasiye amene akukakamizidwa kulowa kufa, lamulo lili kumbali yake. Mukukumbuka Eric Aniva wa ku Nsanje, amene khoti linamulamula kukakhala kundende miyezi 24 mu 2016? Mlandu umene anamupeza nawo unali wokhudza amayi amasiye, pansi pa lamulo la Gender Equality Act la 2013. Ndipo agogo akagwiriridwa, pakuti zimachitika, asasekedwe kuti ndani angafune nkhalamba. Athamangitsidwe kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, ndipo nkhani ikafike ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku Chikwanekwane ku Queens.

Lamulo la 2013 lomweli limati munthu aliyense ali ndi ufulu pa nkhani za umoyo wa kugonana ndi ubereki, ndipo ogwira ntchito zachipatala azimulemekeza mosasankha. Silinaike malire a zaka 49. Mu 2024 aphungu athu anavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire, limene bungwe la MANEPO linalimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Malamulo alipo. Chikusowa ndi pakamwa pathu.

Ndiye tichite chiyani? Ndikudziwa kuti kwathu kuno mwana sakhala pansi ndi amayi ake nkumakamba za kuchipinda. Sindikukutumani kuti mukachite chipongwe. Khomo lolowera ndi la thanzi. Mukhoza kungoti, "Amayi, mawa ndikukayezetsa khomo la chiberekero, tiyeni tipitire limodzi, ndikuopa ndekha." Palibe mayi angakane kuperekeza mwana wake. Mukhoza kufunsa kuti, "Kodi inu munasiya kusamba muli ndi zaka zingati? Ndikufuna ndidziwe za m'tsogolo mwanga." Mudzadabwa zomwe zidzatuluke. Zimene simungathe kunena nokha, dzerani kwa azakhali, kwa amayi aang'ono, kaya kwa mnzawo wapamtima wa kumpingo.

Mukawaperekeza kuchipatala ngati gadiyani, musamawayankhire mafunso onse. Fotokozani zomwe mukudziwa, kenako nenani kuti, "Adokotala, ndituluke kaye, mwina amayi ali ndi zina zoti akuuzeni." Mphindi 5 zimenezo zikhoza kupulumutsa moyo, chifukwa palibe mayi anganene za magazi kapena za chibwenzi chatsopano mwana wake ataima pamutu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitsekocho ife tisachitsamire.

Inu manesi ndi makiliniko amene muli pano, ndi inu mukuphunzira ku KUHeS, funsani funsolo kwa wina aliyense, wa imvi yemwe. Funsani mwaulemu, osaseka, osaitana mnzanu kuti adzamve. Inu amene mumakonza ma bridal shower ndi ma kitchen top-up, pemphani alangizi aikepo mphindi 10 za kusiya kusamba. Holo imakhala yodzaza ndi amayi amene akudutsa m'zimenezo mwakachetechete. Ndipo pa gulu la banja lija, wina akayamba kunyoza amayi chifukwa apeza wowakonda, mukhale inu woyamba kulemba kuti, "Asiyeni amayi. Tingowalimbikitsa akayezetse limodzi ndi bamboyo." Pa 18 October dziko lapansi limakumbukira nkhani ya kusiya kusamba, ndipo pa 1 October limakumbukira anthu achikulire. Masiku amenewa tisamawadumphe pa tsamba lathu.

Azichemwali, tonse pano, Mulungu akalola, tidzafika zaka 50. Mzere wa 49 uja ukutidikira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikapanda kuufufuta panopa, ana amene tikuberekawa adzatigonetsa ndi zidzukulu, adzatiyankhira mafunso kwa dokotala, adzatitsekulira gulu la WhatsApp lotikambirana. Ufulu umene tikuumenyera nkhondowu usakhale wotha ntchito ngati bandulo ya intaneti.

Kwa inu amayi muli kumbuyoko, zikomo kuti simunathawe. Tikamaliza pano, bwalo ndi lanu. Tiuzeni zomwe munkafuna wina akanakuuzani muli ndi zaka 45, ife tikhala chete timvere.